Thaulo Pansi pa Bondo

Anzake kusukulu ankamutcha Dzira, chifukwa amayi ake ankamugwira ngati woti akagwa asweka. Anabadwa ndi himofiliya, matenda oti magazi saundana msanga. Chaka china bondo lake linatupa katatu, magazi akutayikira m'kati, ndipo linayamba kukana kuwongoka.

Kuchipatala anamubaya jekeseni yothandiza magazi kuundana. Bondo litaphwa, dokotala wa mafizo, mtsikana wophunzitsa odwala kulimbitsa ziwalo, anamugoneka chagada, n'kupinda thaulo, n'kuliika pansi pa bondolo. Anamuuza kuti azikanikiza thaulolo kakhumi m'mawa, kakhumi madzulo, poti ntchafu ikafooka bondo limagwedera, likagwedera magazi amayambiranso. Koma likatentha kapena kutupa, asiye, abwere msanga.

Amayi anangoti zikomo. Kufika kunyumba, thaulo lija analiponya pamwamba pa kabati. Mwamuna wawo anamuika kale m'manda, ndiye kamtsikana kadzulodzulo kawathyolere mwana mmodzi yekhayo? Dzira anagona milungu itatu, chakudya ndi madzi osamba zikumupeza pabedi. Ntchafu inatsala ngati mpini.

Loweruka lina kunabwera amalume ake, telala, atanyamula thalauza la sukulu lomwe anamusokera. Nawonso anali ndi matenda omwewo, ndipo ankayenda chokoka mwendo. Atamuona Dzira ali gone, anafunsa mlongo wawo ngati akulera mwana kapena akufungatira mazira. Amayi anapsa mtima, nati munthu wopanda mwana asawaphunzitse kulera.

Amalume sanakweze mawu. Anangopinda thalauza lawo mpaka pabondo. Bondolo linali lokhota, louma gwa ngati mfundo ya mtengo.

"Mlongo wanga, ili silinaume ndi mpira ayi," anatero. "Mayi athu anandigoneka chaka chathunthu, ati kundikonda. Lero makina ndimapalasa ndi phazi limodzi. Mukufuna tikhale awiri?"

Amayi anayang'ana bondo la mchimwene wawo, n'kuyang'ana la mwana wawo. Kenako anakoka mpando, anakwerapo, n'kutsitsa thaulo lija, n'kulikutumula fumbi. Anakhudza bondo la Dzira ndi kuseri kwa dzanja. Silinali lotentha.

"Gona chagada," anatero.

Dzira anakanikiza, nkhope itachita makwinya, thukuta lili kamukamu. Posakhalitsa anati zakwana khumi.

"Seveni imeneyo," anatero amayi. "Sukulu ndinalekeza panjira, koma kuwerenga sindinasiye komweko. Kanikiza."

Patatha miyezi iwiri, dokotala wa mafizo anayeza bondolo n'kumwetulira. Lolemba lake Dzira anavala thalauza lija, ndipo masitepe a kusukulu anakwera yekha, amayi ataima pageti, manja atawabisa kumbuyo kuti angamugwire.