Abusa a Mabenchi ndi Mafuta a Pamilomo

Kumapeto kwa msewu wathu, m'chipinda chimene kale chinali cha kalipentala, munali katchalitchi konunkha utuchi. Abusa ake tinkawatcha Abusa a Mabenchi, chifukwa Lamulungu ankalalikira mabenchi, akazi awo, ndi mlamu wawo telala amene ankasinza ulaliki usanafike pakati. Jekete inali imodzi, yoperepeseka m'zigongono. Koma uthenga ankaunena mosapita m'mbali: tonse ndife ochimwa, Yesu anatifera pamtanda, lapani.

Tsidya la msewu kunali tenti ya mneneri wina, masipika ogwedeza mawindo, magalimoto mpaka pamphambano. Abusa athu ankasuzumira pawindo mtima ukuwawa. Ine ndinkawaona ndikamayanika zovala, ndiye musati ndikupeka.

Tsiku lina dzuwa likuswa mtengo, anazembera kuseri kwa okonza matayala, kumene kunali sing'anga wovala tayi.

"Abusa, mwasochera?" anafunsa sing'angayo.

"Ndikufuna anthu. Ndi zimene anthu amabwera nazo m'matumba."

"Nkhuku sindifuna. Mwana wanunso sindifuna, musanjenjemere. Tengani mafuta awa, muzidzola pamilomo musanakwere paguwa. Malipiro ake ndi mawu. Ndikakuitanani, muzindisiyira mawu amodzi a mu uthenga wanu uja. Koma mukawasiya, mwawasiya."

Abusa anachita kuseka kutchipa kwake. Mumtima anati ndingowasiya pakamwa pokha, ndikamanga tchalitchi ndidzawatola.

"Tiyambe ndi ati?"

"Kulapa. Ndi amene amakuthamangitsirani anthu."

Abale inu, sabata yomweyo mabenchi anachepa. Panalibenso wotchedwa wochimwa, aliyense anali wodalitsika. Nanenso ndinapitako kawiri, sindibisa. Jekete ija inasanduka chopukutira galimoto.

Sing'anga anaitananso, natenga mtanda. Abusa anachotsa mtanda wamatabwa pakhoma, n'kupachikapo chithunzi chawo atavala suti yoyera. Telala, amene masiku amenewa sankagonanso, anawakoka pambali.

"Alamu, magazi a Yesu aja apita kuti?"

"Nthawi zasintha, alamu. Anthu atopa ndi zolira."

"Nanga Buku lasintha liti, ine ndili mtulo?"

Kuyambira pamenepo abusa anamukhazika telala uja pabenchi yakumbuyo.

Ulendo wachitatu sing'anga sanawapatse n'komwe mpando.

"Lero dzina lija."

"La Yesu? Limenelo ayi," anatero abusa.

"Palibe vuto. Mabenchi anu akukudikirani."

Abusa anayang'ana makiyi a galimoto m'manja mwawo nthawi yaitali. Kenako anagwedeza mutu kuvomera.

Pasanapite nthawi, mayi busa anadwala matenda aakulu. Mayi ameneyu ndi amene ankasesa utuchi uja osadandaula. Ali gone m'chipatala, botolo la madzi likudontha pamwamba pawo, anagwira dzanja la amuna awo.

"Bambo, ndikuopa. Ndiuzeni zija munkanena tili awiriwiri kuja. Zoti anandifera."

Abusa anatsegula pakamwa. Chimene chinatuluka n'chakuti, "Landirani galimoto."

Anayesanso. "Landirani nyumba." Anatsegula Baibulo, mawu akuwaona bwinobwino ndi maso, koma lilime likukana ngati si lawo. Odwala a pabedi loyandikana anatembenukira kukhoma.

Anathamangira kuseri kwa matayala kuja.

"Ndibwezereni. Tengani nyumba, tengani galimoto, mkazi wanga akufa."

Sing'anga anapitiriza kupukuta nsapato zake.

"Ndinakuuzani kuti mukawasiya, mwawasiya. Ndipo musaganize kuti ndinawasunga m'botolo. Ine sindingawakhudze n'komwe. Mawu aja ali pomwe anali, abusa. Amene munachokapo ndinu."

Pobwerera kuchipatala anapeza nsalu itaphimba kale nkhope. Telala anali pambali, Baibulo lili pamiyendo. Ndiye amene anawerengera mchemwali wake za mtanda mpaka mpweya unatha, ndipo akuti mayiwo anapita mantha atawachoka.

Za pamaliro nazo, ndinaliko ndekha. Abusa anaima pamutu pa bokosi, mpingo wonse uli zii. Anayang'ana bokosilo, n'kufuula kuti, "Landirani!" Anafuulabe mpaka amuna anayi anawanyamula. Lamulungu lotsatira anthu onse anali atawolokera kutenti.

Lero mukapita kokwerera basi muwapeza, suti yoyera ija itada bii, akudzola milomo ndi mafuta otayika a injini. Akaona munthu wanyamula Baibulo amamutsatira akulira, akuloza pakamwa pawo. Telala amawabweretsera chakudya, n'kuwawerengera pang'ono. Amamvetsera ndithu, koma kubwereza sangathe.

Ndiye anzanga, dyera ndi loipa. Uthenga wa Mulungu si malaya oti telala angabweze m'chiuno kuti akukwaneni. Unali womwewo tisanabadwe, udzakhala womwewo tikadzapita. Ukaudula kuti ulemere, iwo sutha ayi. Amene umatha ndiwe.