Kuseri kwa Golo la Ng'ona

Chilonda cha pakhutu la Kalilu chinali chitayamba kuuma pamene a Fakiri anatulukira ndi njinga yawo. Linali Lachisanu masana, anthu akuchokera kumzikiti. Bakari anali atamukhazika mng'ono wakeyo pamthunzi kuseri kwa nyumba, akumupaka mankhwala a kuchipatala ndi chala chaching'ono.

"Usagwedezeke, iwe."

"Sindikugwedezeka, achimwene. Ndikutembenuza tsamba."

Kalilu anali ndi zaka khumi ndi zinayi, ndipo anabadwa ndi khungu lachialubino. Sankatuluka panja osavala malaya a manja aatali ndi chipewa chachikulu chamlaza. Maso ake sankaona patali, choncho powerenga ankayandikitsa buku mpaka kugunda mphuno. Bukulo linali la mbiri ya Aroma, lochindikala, lopanda chikuto. Bakari ndiye anabwera nalo kuchokera ku koleji ku Zomba, chaka chimene bambo awo anafa pangozi ya matola pamsewu wa ku Dwangwa. Anabwera kumaliro ndi kachikwama kamodzi, ndipo ku Zomba sanabwererenso.

A Fakiri anali sing'anga wa timu ya mpira ya Ng'ona za Bua. Bakari anali mlembi wa timuyo, chifukwa m'mudzi monse ndiye ankalemba Chingerezi chosachititsa manyazi.

"Asalamu alaikumu, a mlembi," anatero a Fakiri akutsamiritsa njinga. "Mawa ndi mawa. Akambuku a ku Nkhunga akubwera ndi sing'anga wawo wochokera kutsidya kwa nyanja. Ndaunika, ndaona kuti golo lathu lili pamtetete. Likufuna mlonda."

"Goloboyi tili naye, madala."

"Sindikunena wogwira ndi manja." A Fakiri analoza Kalilu ndi mlomo. "Mwana ngati uyu akakhala kuseri kwa golo, mpira umakhota wokha."

Bakari anatseka kabotolo ka mankhwala. "Ayi. A dokotala anati asakhale padzuwa. Chilonda ichi chikapsanso chisanduka china choipa. Komanso amayi kulibe, apita ku Chia kukagula mpunga. Abwera Lamulungu."

Kalilu anali atatsitsa buku. Mayina a osewera onse a Ng'ona ankawadziwa pamtima. Ankadziwa amene amamenya ndi mwendo wamanzere ndi amene amaopa mpira wamutu. Koma zonsezi ankangozimva kwa mkulu wake. Kubwalo anali asanapondeko.

"Kuseri kwa golo mpira umaoneka pafupi, eti?" anafunsa.

"Pafupi ngati dzanja lakoli," anayankha a Fakiri. "Ndipo uvala jezi ya timu."

"Jezi yeniyeni? Achimwene!"

A Fakiri atapita, Kalilu anaseka yekha. "Mukudziwa, achimwene, Aroma asanapite kunkhondo ankafunsa nkhuku. Ankazithirira chakudya. Zikadya, ndiye kuti apambana. Kazembe wina nkhuku zake zitakana kudya anaziponya m'nyanja, akuti ngati sizikudya zikamwe. Nkhondoyo anagonja. Ine ndiye nkhuku ya a Fakiri."

"Ndipo ukusangalala kukhala nkhuku?"

"Nkhuku ija nkhondo inkaiona ndi maso ake."

Bakari anayang'ana chipewa cha mng'ono wake. Mumtima anawerengera kuti mpira ndi mphindi makumi asanu ndi anayi basi, ndipo chipewa chilipo. Panalinso china chimene sanafune kudziuza. Mpirawo unali wa chikho chimene anakhazikitsa phungu watsopano amene analowa ndi matipate, ndipo opambana mawa ankapita kundime yomaliza. Kumsika Bakari anali mnyamata amene analephera koleji. Kubwalo kokha ndiye ankaitanidwa kuti a mlembi.

Loweruka a Fakiri anatumiza uthenga kuti afike dzuwa lili paliwombo, alendo asanaponde bwalo. Unali mwezi wa Okotobala. Mchenga unkatentha mpaka kulowa m'nsapato. Bwalolo linali ndi mtengo umodzi wa mango kumbali, ndipo pansi pake anali ataikapo kale mipando ya akuluakulu.

Kalilu anavala jezi yobiriwira ya manja aafupi, yomufika m'mawondo. Anaisisita pachifuwa kangapo. A Fakiri anamukhazika pansi kuseri kwa golo, kenako anamuvula chipewa.

"Chipewa chisiyeni," anatero Bakari.

"A mlembi, mankhwala amalowera pamutu. Mukufuna alowere pamlaza?" A Fakiri anatulutsa kansupa ka mafuta a nsatsi osakaniza ndi zakuda, namupaka Kalilu pamutu, pakhosi ndi m'mikono. "Asachoke pano mpaka wenzulo womaliza. Popuma asamukira golo linalo, molunjika, osakhotera pamthunzi."

"Ndili bwino, achimwene. Pitani mukalembe mayina."

Mpira unayenera kuyamba hafu pasiti thu. Koma panalibe amene akanauyamba aphungu asanafike kudzaumenya koyamba. Nthawi inakwana, inapitirira. Bakari anali pakati pa bwalo, akulimbana ndi mlembi wa Akambuku za osewera awiri amene aliyense ankadziwa kuti ndi aganyu ochokera kuminda ya nzimbe. Mkanganowo unali wokoma. Anthu anamuzungulira, akukuwa kuti, "Auzeni, a mlembi! Auzeni pa Chingerezi!"

Galimoto ya aphungu inafika itadutsa fili koloko. Azimayi anavina. Aphungu analankhula za mijigo, za milatho ndi za ufulu umene unabwera ndi mavoti. Mpira unayamba Kalilu atakhala kale padzuwa maola opitirira atatu.

Chigawo choyamba chisanathe, Ng'ona zinagoletsa. Akambuku anabwera ngati njuchi. Kawiri konse mpira unamenya mtengo wa golo n'kubwerera. Ochemerera anayamba kuloza kuseri kwa golo, akukuwa dzina limene anthu amanyozera alubino.

"Napweri akugwira ntchito! Napweri woyee!"

Popuma Bakari anathamanga ndi botolo la madzi. Atafika pafupi anaima. Mikono ya Kalilu inali itafiira ngati nyama yosenda. Khosi linali litatupa. Chilonda chija chinali chitatseguka, chikuchucha madzi. Maso ankangotuluka misozi, koma mnyamatayo ankamwetulira.

"Achimwene, ndaona! Mpira unadutsa apa, ndinamva mphepo yake!"

"Tiye kunyumba."

A Fakiri anali atafika kale kumbuyo kwake. "Mukamuchotsa, zigoli ziwiri zilowa. Anthu onsewa adziwa kuti wagulitsa timu ndi mlembi. Zatsala mphindi makumi anayi ndi zisanu zokha."

Bakari anayang'ana khamulo. Anayang'ananso mng'ono wake.

"Ukhoza kupirira?"

"Ndikhoza."

Bakari ankadziwa kuti funso limenelo silinali loyenera kufunsa mwana. Anamumwetsa madzi, namuperekeza ku golo linalo, nabwerera pambali pa bwalo ndi kope lake.

Ng'ona zinapambana ndi chigoli chimodzi chomwecho. Wenzulo atalira, khamu linathamangira kuseri kwa golo. Anamunyamula Kalilu m'mwamba. Manja ambirimbiri anagwira mikono yopsa ija, ena ankamusisita pamutu kuti atengeko mwayi. Kalilu anakuwa. Iwo anayesa akuchemerera, ndipo anamuponya m'mwamba kawiri. Pamene Bakari ankamulanda, khungu la paphewa linali litasupuka, litamatirira ku jezi.

Amayi awo, a Maimuna, anafika Lamulungu m'mawa ndi thumba la mpunga pamutu. Anapeza Kalilu atagona chafufumimba pamphasa, thupi likutentha, matuza ali mbwee kuyambira pamutu mpaka m'zigongono. Bakari ankamuika nsalu zonyowa. Amayiwo anatula thumba, nagwada, nayang'ana khutu lija nthawi yaitali.

"Chipewa chinali kuti?"

Bakari anafotokoza zonse, osabisa.

"Zaka khumi ndi zinayi," anatero a Maimuna motsitsa mawu. "Ndakhala ndikuthamangitsana ndi dzuwa zaka khumi ndi zinayi. Azamba anandiuza zoti ndichite naye tsiku limene anabadwa, ndinakana. Bambo ako anagulitsa ukonde kuti amugulire malaya. Anthu osaphunzira akanamutenga, ndikanati ndi umbuli. Koma iwe, Bakari?"

Sanamukalipirenso. Anangomuuza kuti akabwereke njinga.

Kuchipatala anamugoneka masiku asanu. Matuza anaphwa, khungu linasendeka n'kumera lina. Koma chilonda cha pakhutu sichinatseke. Chinakula, m'mbali mwake munauma gwa. A dokotala anachiyang'ana, napukusa mutu, nalemba kalata yopita nayo ku Lilongwe. Anati mwina akadula mbali ya khutulo, ndipo ngati zalowa mkati, akaona komweko. Tsiku la ulendo linali Lolemba lotsatira mpira wa ndime yomaliza.

Lachisanu loti mawa lake ndi mpirawo, a Fakiri anabweranso, atanyamula jezi yatsopano.

"Nayi ya mlonda wathu. Ulendo uno tiyamba msanga, aphungu alonjeza."

Bakari analowa m'nyumba, natuluka ndi kope la timu ndi cholembera. Anaziika pachishalo cha njinga.

"Mupeze mlembi wina. Mlonda mulibe."

"Mwana iwe, ukudziwa chimene ukuchita? Mudzi wonse ukuyembekeza chikho."

"Muli ndi ana asanu ndi mmodzi, madala. Sankhanipo mmodzi, mumudzoze mafuta, mumukhazike pamoto."

A Fakiri analavula pansi, nakwera njinga.

Bakari atatembenuka anapeza Kalilu ataima pakhomo, bandeji ili kukhutu.

"Mukanandifunsa kaye," anatero mnyamatayo.

"Ndinakufunsa tsiku lija. Ndi pamene ndinalakwa."

"Zinkawawa, achimwene. Koma mukudziwa? Anthu onse aja anandigwira. Kusukulu palibe amene amafuna kukhala nane pa desiki. Pamjigo ndikamwa amatsuka kapu kawiri. Tsiku lija palibe amene ananyansidwa nane."

Bakari anakhala pansi pakhonde, nabisa nkhope m'manja. Kalilu anamusiya alire.

Loweruka anapita kubwalo onse awiri, mpira utatsala pang'ono kuyamba. Kalilu anavala malaya a manja aatali ndi chipewa chake. Bakari ananyamula ambulera yakuda ya malemu bambo awo. Sanapite kuseri kwa golo. Anakhala pambali pa bwalo, pamzere wa ochemerera ena onse. Anthu amene anali pafupi anasuntha, nasiya mpata mbali zonse ziwiri.

"Ndi uyo wagulitsa timu," wina anatero.

"Mundiuze zonse," anatero Kalilu. "Ine ndikungoona mitundu ikuthamanga."

Bakari anayamba kumufotokozera. "Yasini watenga mpira. Wadutsa mmodzi. Wapatsira Sailesi kumanzere."

"Sailesi sadzamenya ndi wamanja, muona."

"Wautaya."

"Ndinanena!"

Chigawo chachiwiri Ng'ona zinagoletsedwa, kenako zinagoletsedwanso. Chitsononkho cha chimanga chinauluka kuchokera kumbuyo n'kugunda ambulera. Kenako mwala waung'ono. Wina anakuwa dzina lonyoza lija, ndipo ulendo uno panalibe woyee.

"Tizipita, achimwene?"

"Ukufuna kupita?"

"Ayi. Zatsala mphindi khumi. Mwina tibweza chimodzi."

"Ndiye tikhala."

Dzuwa linali litapendekera kumapiri, likulasa cham'mbali. Bakari anasuntha, nakhala mbali imene kunkachokera miyala, napendeketsa ambulera kuti mthunzi wonse ugwere pa khutu la bandeji. Mkono unali utachita dzanzi, koma sanautsitse.

"Yasini watenganso mpira," anatero. "Akuthamanga."