Kadontho ka Amayi

Kunyumba ankamutchula Kaphuma. Mwanayu kudikira sankakudziwa. Koma tsopano ankadikira amayi ake.

Amayi anapita kuchipatala kukabereka mwana. Asanapite, anatenga cholembera chawo chothira inki. Anagwira dzanja la Kaphuma. Anadonthezapo kadontho kamodzi.

"Kadontho aka kakatha, ndibwera," anatero amayi.

Inki ya amayi inali yokongola. Sinali yabuluu. Sinali yobiriwira. Inali pakatikati, ngati nthenga za pakhosi pa bakha. Pakati pa kadontho panali poderapo. M'mbali munali mowala.

Kaphuma anayang'ana kadontho m'mawa. Kanalipo. Anakayang'ana masana. Kanalipobe. Anawasowa amayi kwambiri.

Ndiye anaganiza nzeru. Nzeru zake zomwe zija! Anatenga sopo. Anatsuka, natsuka, natsukanso. Thovu linasanduka mtundu wa inki. Kadontho kanatheratu.

Kaphuma anathamangira pakhomo. Anayang'ana kumsewu. Kunadutsa njinga. Kunadutsa galu. Amayi osaoneka.

Kaphuma analira. Amayi kulibe. Kadontho ka amayi kulibenso.

Abambo anamva nkhani yonse. Anafuna kuseka, koma anadzigwira.

"Iwe Kaphuma, kuona maso a nkhono n'kudekha," anatero abambo.

Abambo anatenga cholembera chabuluu kuti amulembe kadontho kena. Kaphuma anakana. Anatenga chobiriwira. Kaphuma anakananso.

"Ndikufuna ka amayi," anatero.

Abambo anapeza cholembera cha amayi m'kabati. Anayesa kulemba. Inki sinatuluke. Anachigwedeza mwamphamvu. Ogo! Inki inawathimbiriritsa malaya. Ina inatera pamphuno pawo.

Kaphuma anaseka, misozi ili m'masaya. Abambo anamuuza kuti adikirira limodzi. Iwo sasamba pamphuno mpaka amayi atabwera.

Anadikira. Anadikirabe. Kudikira n'kowawa.

Tsiku lina galimoto inaima pakhomo. Amayi anatsika, mwana ali m'manja. Anaona mphuno ya abambo. Anaseka mpaka mwana anadzuka.

Kenako amayi anakhala pansi. Anamukumbatira Kaphuma. Anatenga cholembera chija. M'manja mwawo inki inayenda bwinobwino. Anagwira dzanja la Kaphuma.

Kaphuma anabisa dzanja kumbuyo.

"Mukupitanso?" anafunsa.

"Ayi, mwanangu. Aka n'kakuti ndabwera."

Kaphuma anatambasula dzanja. Kadontho kanagwa. Pakati poderapo, m'mbali mowala.

"Kakatha?" anafunsa Kaphuma.

"Ndidonthezanso," anatero amayi. "Ndili pompano."