Chombo cha Salimu Chinatembenukira Mwini Wake

Inu ana a kusukulu mumati ife a kunyanja tinkangogwidwa ngati nkhuku. Bodza! Khalani pansi mumve.

Masiku a mfumu Kalilangwe, kunali wogula akapolo dzina lake Salimu. Anali ndi chombo cha thanga loyera ndi mzinga kutsogolo. Chinawotcha midzi, chinatenganso Msekawana, mwana wa Nachanza, mlongo wake wa mfumu. Chitabweranso kudzasaka ena, mwera unachikankhira m'mabango, amuna athu n'kuchizinga ndi mabwato. Asilikali a Salimu anathawa chosambira, kunatsala woyendetsa yekha, Mabuluki, kapolo nayenso.

Pabwalo akuluakulu anati, "Chinthuchi chanunkha magazi. Chiwotchedwe."

Nachanza anaimirira. "Achimwene, mukawotcha, mwana wanga mukamtenga bwanji kutsidya? Musambira? Ndevu zonsezi, mukuopa matabwa?"

Mfumu inati, "Mlongo wanga, ife thanga sitilidziwa."

"Uyu akulidziwa. Iwe Mabuluki, kwa Salimu unasiyako chiyani?"

"Zikoti basi, amayi."

"Ndiye phunzitsa amalume akowa."

Eee, zinali zamanyazi! Amuna odziwa nkhafi ankasanza, chingwe chikuwakwapula kumaso, akazi kumtunda ali chikhakhali. Koma anaphunzira. Mphepo itakhala bwino anakwera, Nachanza pamodzi nawo, mikondo atabisa pansi pa mphasa.

Kudooko la Salimu alonda ataona thanga lawo anaimba ng'oma, kuti katundu wafika. Anakokera okha chombocho kumtunda, zitsiru! Mzinga unalira, mpanda unagwa, athu anatuluka. Salimu anathawira kuphiri nsalu ili m'manja. Nachanza analowa m'khola la akapolo akuitana dzina. Anampeza Msekawana ali ndi goli m'khosi, ndipo analidula yekha ndi nkhwangwa. Onse a m'kholamo anakwera, athu ndi achilendo omwe.

Chombocho chinakhala chathu mpaka Kalilangwe anamwalira, chikulondera gombe. Salimu anatumiza nthumwi ndi nsalu ndi mikanda kuti achiwombole. Nachanza anati, "Kamuuzeni adzatenge yekha." Sanabwere. Chinakalamba, chinawolera pamadzi athu.

Msekawana uja ndiye anabala agogo anga. Chipsera cha goli ankachionetsa dala, mkanda sankavala. Tsono wina akadzakuuzani kuti ndinu mbumba ya akapolo, mudzamuyang'ane m'maso, mudzati: inde anatigwira, koma tinawoloka nyanja kukadzitenga tokha.