Kagalimoto ka Kafulu ndi Chithaphwi Chachikulu

Kafulu anali ndi kagalimoto ka rimoti. Kanali kofiira. Kanali ndi matayala aakulu. Kankakwera miyala. Kankadutsa mumchenga. Kankadutsa m'matope.

Koma Kafulu ankafuna chinthu china. Ankafuna kuti kagalimoto kake kayende pamwamba pa madzi.

Kuseri kwa nyumba kunali bwalo la mpira. Mvula ikagwa, pakati pa bwalolo pankakhala chithaphwi. Chinali chachikulu. Madzi ake ankalekeza m'mawondo. Abakha a aneba ankachiyesa nyanja.

Dzina lakuti Kafulu, kutanthauza kakamba kakang'ono, linali longomupatsa. Anali mtsikana wosamala. Sankathamanga pachabe. Ankayang'ana uku ndi uku asanawoloke msewu. Ankayang'ananso uku ndi uku asanawoloke khonde. Izi anaphunzira kwa bambo ake.

Bambo ake ankaphunzitsa anthu kuyendetsa galimoto. Ankavala tayi. Pakhoma anapachikapo setifiketi. Chiyambireni ntchito sanagundepo ngakhale nkhuku. Izi ankauza aliyense. Ankauza ngakhale amene sanafunse.

Bambo anali ndi lamulo lawo lalikulu. "Ukaona madzi, chepetsa liwiro." Ankatero kuntchito. Ankatero kunyumba. Amayi ankati amateronso kutulo.

Kafulu anali ndi achemwali ake. Iwo ankakonza mafoni kumsika. Loweruka lina sanapite kuntchito.

"Achemwali," anatero Kafulu, "kagalimoto kangayende pamadzi?"

"Kangayende," anayankha achemwali. "Koma kafunika kukakonza kaye. Tenga nyuzipepala uyale patebulo."

Kafulu anayala nyuzipepala. Achemwali anabweretsa bokosi la zida. Anamasula denga la kagalimoto.

"Kolemera kamamira," anatero achemwali. "Chotsa zonse zosafunika."

Kafulu anachotsa nyali zapamwamba. Anachotsa tayala lapadera. Anachotsanso kadoli kamene kankakhala pachiwongolero.

"Pepani a dalaivala," anatero Kafulu. "Lero mupume."

M'kati munali kabokosi ka mawaya. Kabokosiko kamadana ndi madzi. Achemwali anakalowetsa m'baluni. Kafulu anamanga kukamwa kwa baluniyo ndi mphira. Anamata batire ndi tepi. Anapaka girisi m'mabowo onse. Girisi wina anafika pamphuno pake.

Kenako achemwali anatulutsa matayala ena. Anali ndi mizere yotumphuka ngati nkhafi za bwato.

"Awa amapalasa madzi," anatero achemwali. "Mizere yonse iyang'ane mbali imodzi."

Kafulu anamanga matayalawo. Anawayang'ana. Anawayang'ananso. Mizere yonse inayang'ana mbali imodzi.

Bambo anafika. Anaima manja ali kumbuyo. Anasuzumira patebulo.

"Eya," anatero bambo. "Ndi mmene ndikanachitira inenso."

Onse anapita kuchithaphwi. Achemwali anatola mwala wophwatalala. Anauponya mwamphamvu. Mwala unadumpha pamadzi. Phwa, phwa, phwa! Anatola wina. Anauponya mwaulesi. Chubwi!

"Waona?" anatero achemwali. "Kagalimoto nakonso ndi chimodzimodzi. Kakathamanga, kamadumpha. Kakachedwa, kamamira. Dina batani mpaka kumapeto. Usasiye. Usakhote."

"Ndamva," anatero bambo. "Bweretsa rimoti kuno. Ulendo woyamba umafuna munthu wa laisensi."

Kafulu sankafuna. Koma anapereka rimoti ndi manja awiri.

Bambo anakonza tayi yawo. Anakhosomola. Anadina batani.

Vuuu! Kagalimoto kanathamanga paudzu. Kanathamanga bwino. Kanafika pamadzi.

Bambo anaona madzi. Chala chawo chinasiya batani. Phazi lawo linaponda udzu ngati likuponda buleki.

Phwa. Phwa. Chubwi!

Kagalimoto kanamira. Pamwamba panatsala thovu lokha. Abakha anayang'ana thovulo. Kenako anayang'ana bambo.

"Ababa, mwasiya batani!" anatero Kafulu.

"Ine sindinasiye," anatero bambo. "Chasiya chokha chalachi."

Bambo anavula nsapato. Anaziika bwinobwino pambali. Anapinda thalauza. Analowa m'madzi pang'onopang'ono, monga mwa lamulo. Thalauza inanyowabe. Anatuluka ndi kagalimoto kali dontho, dontho.

"Chithaphwi ichi n'chozama mosayenera," anatero bambo.

Kunyumba achemwali anatsegula kagalimoto. Baluni sinabooke. Koma madzi analowa pang'ono muinjini. Anakapukuta. Anakayanika padzuwa.

"Lero kapulumuka," anatero achemwali. "Kakamiranso, mwina sikadzukanso."

Amayi anabwera ndi thaulo la bambo. Anamva zonse.

"Kakafa, kafa, mwanawe," anatero amayi. "Kena kulibe. Ukhoza kukasiya kaziyenda pamtunda. Palibe amene akuseke."

Kafulu anakhala pakhonde. Anayang'ana kagalimoto kakuuma. Ankakakonda kwambiri. Sankafuna kuti kafe. Anayang'ana kuchithaphwi. Anayang'ananso kagalimoto. Anaganiza nthawi yaitali.

"Ndiyesanso," anatero Kafulu. "Koma ndiyendetsa ndekha."

"Chabwino," anatero bambo. "Ine ndiima pambali pako. Ndizikulangiza."

"Inu bambo," anatero amayi, "kuima muime. Koma pakamwa mutseke."

"Mphunzitsi satseka pakamwa," anatero bambo.

"Lero atseka," anatero amayi.

Bambo anatseka pakamwa.

Dzuwa linapendeka. Kagalimoto kanauma. Achemwali anamanganso baluni. Kafulu anamatanso batire. Anapakanso girisi. Onse anabwerera kuchithaphwi.

Amayi anapirikitsa abakha. Abakha anachoka akudandaula.

Kafulu anaika kagalimoto kutali ndi madzi. Anakalozetsa kutsidya. Anayang'ana uku. Anayang'ana uku. Anadina batani.

Vuuu! Kagalimoto kanathamanga paudzu. Madzi anayandikira. Anayandikiranso.

Bambo anali chete. Koma Kafulu anamva mawu awo m'mutu mwake. "Ukaona madzi, chepetsa liwiro."

Chala cha Kafulu chinayamba kufooka.

Bambo anachiona chalacho. Anachidziwa bwino. Chinali ngati chawo.

"Usasiye, mwanawe!" anakuwa bambo. "Dina! Dina zolimba! Liwiro! Liwiro!"

Kafulu anadina zolimba. Anadina mpaka kumapeto.

Phwa, phwa, phwa, phwa!

Kagalimoto kanakwera pamadzi. Matayala anapalasa. Madzi anathovoka kumbuyo ngati mchira. Kanafika pakati. Sikanamire. Kafulu sanasiye. Sanakhote. Kanadutsa pakati. Kanafika kutsidya. Kanakwera paudzu. Kanakaima patsinde pa kachitsamba.



"Kawoloka," anatero Kafulu motsitsa mawu. Kenako anakuwa. "Kawoloka! Amayi, kawoloka!"

Amayi anawomba m'manja. Achemwali anamunyamula Kafulu. Bambo anadumpha, tayi ili m'mwamba. Atatera, anayang'ana kumsewu. Ankaopa kuti wophunzira wawo wina wawaona. Kunalibe munthu. Kunali abakha okha.

Kafulu anathamanga kuzungulira chithaphwi. Anatola kagalimoto. Anakagwedeza pafupi ndi khutu. M'kati munalibe madzi. Anadina batani pang'ono. Matayala anazungulira. Kanali kamoyo.

Pobwerera, amayi anayenda pafupi ndi bambo.

"Bambo," anatero amayi, "makutu angawa amva bwino? Mwati liwiro?"

"Aja anali malangizo a boti," anatero bambo. "Pamsewu lamulo silinasinthe."

"Oho," anatero amayi.

Madzulo onse anakhala pakhonde. Kafulu anapukuta kagalimoto. Achemwali anatolera zida. Amayi anayanika thalauza ya bambo pachingwe.

Bambo anasendera kwa Kafulu. Analankhula monong'ona.

"Kafulu, mawa ungandiphunzitseko?"

"Inde, ababa," anatero Kafulu. "Koma tiyambira paudzu."

"Paudzu?"

"Paudzu. Ophunzira atsopano salowa m'madzi."

Achemwali anayang'ana kumbali. Amayi anabisa nkhope kuseri kwa thalauza. Mapewa awo ankagwedezeka.

Bambo anaganiza pang'ono. Kenako anagwedeza mutu.

"Lamulo labwino," anatero bambo. "Mwanayu watengera ine."