Nsengwa Yosauma

Dzuwa litapendekera kuseri kwa milambe, mayi Chrissie anatulutsa kamtondo kawo, nakhala pakhonde, n'kuyamba kusinja. Aliyense wodutsa m'kanjira ka kumjigo ankadziwa kuti akusinja mchere. Linali tsiku lachisanu akuchita zimenezi, nthawi yake yomweyomweyo, nkhuku zikamalowa m'khola. Mcherewo sunali wa ndiwo iyayi. Unali wa m'chikuta, m'nyumba momwe Scholastica, mwana wa malemu mkulu wawo, anabindikira ndi khanda lake.

Mudzi umenewu uli kuseri kwa Ulongwe, ukasiya tala n'kutsata msewu wafumbi wolowera kudambo. Kale mwana akabadwa kumeneko, nthungululu zinkamveka mpaka kutsidya. Koma zaka zimenezo amayi anali atasiya kululutira. Makanda anayi anapita m'zaka zitatu, onse asanatuluke m'chikuta, ndipo awiri mwa iwo anali a Scholastica.

Woyamba anabadwira pakhomo. Nsengwa, chija chimatsatira mwana pobadwa, anaikwirira kuseri kwa bafa monga mwa mwambo. Kutacha anapeza dzenje lili yasa, lofukulidwa mwaluso, m'mbali mwake mosalala. Galu safukula chotero. Mwanayo anasiya kuyamwa, nafa tsiku lachisanu ndi chimodzi. Wachiwiri anabadwira kuchipatala, nabwera kumudzi mchombo uli womanga bwino. M'mawa wina anapeza mchombowo wagwa, koma osaoneka. Anakutumula nsalu zonse, anasesa nyumba yonse, anayang'ana ndi pansi pa mphasa. Kunalibe. Sabata isanathe amuna anali kumanda ndi makasu.

Zala zonse zinaloza kwa Abiti Sidik, mzamba wakale yemwe ankakhala yekha kumapeto kwa mudzi. Chiletsereni boma azamba, mayiyo anali atasiya ntchitoyo, koma anthu ankati manja ozolowera magazi sakhala chabe. Akafika pamjigo, macheza ankazima. Akapereka moni, amayi ankayankhira m'mphuno.

Ndiye pathupi pachitatu patakula, mayi Chrissie anakhazika Scholastica pansi. Anali munthu woti ukamuona umalimba mtima. Zaka zinali zitapitirira makumi asanu ndi limodzi, koma imvi n'komwe, masaya ali see, khasu akuligwira ngati namwali. Anthu ankati a Chrissie sakalamba.

"Mwana wanga, wakubayo amaba chodulidwa," anatero. "Chosadulidwa angachibe bwanji, chili pathupi pa mwana?"

"Ndiye titani, amayi?"

"Usapite kuchipatala. Kumeneko amadula usanaphethire n'komwe. Uchirira muno. Nsengwa tiika mumphika, mchombo osaukhudza. Ine ndizithira mchere madzulo aliwonse kuti iume. Zikadzathothoka zokha, tidzawotcha zonse pamodzi iwe ukuona ndi maso ako."

Munthu woika ana awiri m'manda safunsa kawiri. Mwana anabadwa wamwamuna, wonenepa, wolira ngati akuitana mudzi wonse. Nsengwa inagona pansi pa mphika wadothi ngati kachigumu, mbale yovundikira pamwamba, mchombo ukutulukira m'mbali mpaka pamimba pa mwana. Scholastica akafuna kuyamwitsa, ankayamba wasendeza mphikawo.

Mwamuna wake Elliam, wakabaza wa pa Liwonde, anali mkamwini pamudzipo. Za m'chikuta mkamwini alibe nazo mawu. Ankangoima pawindo, n'kumalankhula ndi nsalu yotchinga.

Tsiku lachitatu kunayamba fungo. Silinali la chinthu chowola. Linali fungo la pamalo pomwe angophera mbuzi, la magazi atsopano, ndipo m'malo mochepa linkanka likulirakulira. Ntchentche zobiriwira zinadzaza pachitseko. Dzuwa lili paliwombo, kutentha kwa Okotobala kutatontholetsa ngakhale njiwa, agalu a m'mudzimo ankabwera n'kukhala pabwalo, maso ali pachitseko. Osauwa. Ukawagenda ankangosuntha pang'ono n'kukhalanso.

Kulira kwa mwana kunkachepa. Tsiku lachinayi kunali ngati kwa kamphaka. Ankayamwa ndithu, mawere mpaka kuphwa, koma timanja tinkaonda, khungu likuchita makwinya ngati la nkhalamba. Masana a tsikulo, mayi Chrissie ali kudimba, Scholastica anamva kaphokoso m'nyumbamo. Kanali ngati munthu akumeza phala pang'onopang'ono. Anayang'ana mwana. Mwana anali mtulo, kukamwa kuli kotseka.

"Amayi, mumphikamu mukumveka zinthu," anatero madzulo ake.

"Ndi mchere ukugwira ntchito. Usavundukule, mphepo ingalowe."

"Nanga mwanayu bwanji akutha?"

"Ndi mfiti ija ya kumapetoyo. Ikuyesetsa, koma yalephera. Pirira masiku awiri okha."

Tsono madzulo aja a tsiku lachisanu, mayi Chrissie akusinja, Abiti Sidik ankadutsa ndi ndowa pamutu. Atafika pafupi anaima. Anapendeketsa khutu. Kenako anapitirira mpaka pansi pa mango pomwe Elliam ankamata chubu cha njinga yake, natula ndowa.

"Baba, apongozi anuwo akusinja chiyani?"

Elliam sanadzutse mutu. "Pitani, mayi. Pano tili ndi mavuto okwanira."

"Ndipita. Koma ine ndasinja mchere chiyambire ndili mtsikana. Mchere umalira mumtondo, umati khwetche khwetche. Tamverani uwo."

Elliam anamvetsera asakufuna. Munsi unkangoti phu, phu, phu, ngati ukugwera paphulusa.

"China n'ichi," anatero Abiti Sidik, mawu atatsika. "Ana omwe ndawalandira m'manja mwangamu ndi mudzi wathunthu. Mchombo suchedwa. Masiku awiri, atatu, wauma, walimba ngati kamtengo. Kafunseni akazi anu kuti wawowo uli bwanji."

Anasenza ndowa yake, napita. Elliam anadikira mpaka apongozi ake atazungulira kubafa, n'kuthamangira pawindo.

"Scho, mchombo wauma?"

Scholastica anayankha kuseri kwa nsalu ija. "Iyayi. Uli wofewa."

"Taugwira."

"Ukutentha, bambo. Mayo... ukugunda."

M'mawa mwake mame asanaume, mayi Chrissie anatenga kakhasu, nati akukafuna mankhwala a liwombo kudambo. Pochoka anamenya chitseko ndi chala. "Usatsegulire munthu. Lero ndi lomaliza." Atangozimirira m'mabango, Elliam anapalasa njinga kupita kumapeto kwa mudzi, nabwerera Abiti Sidik ali pakaliyala.

Scholastica atamva mawu a mayiyo panja, anakokera mtondo waukulu kuchitseko.

"Mwanditengera mfiti pakhomo? Bambo, mwapenga?"

"Scho, tamvera kaye."

"Munadya awiri, mayi inu! Simunakhute?"

Abiti Sidik sanapse mtima. Mawu amenewo anali atawamva kambirimbiri, ngakhale ankanenedwa chakumbali. Anakhala pansi pafumbi, natambasula miyendo.

"Sindilowa, mwanangu. Ndikhala pompano. Iwe vundukula mphikawo wekha. Choyera chili pamwambacho, tenga pang'ono ulawe."

Scholastica anayang'ana mwana wake. Liwombo linali litalowa ngati kambale. Maso anali otseguka pang'ono, koma osaona kanthu. Kukhosi kunkatuluka kamawu kosamveka ngati kulira. Anakumbukira mawu a amayi ake aang'ono, omwe anamulera chimwalirireni amayi ake, omwe anamusambitsa pamaliro onse awiri. Anakumbukiranso kuti ana onse awiri anapita tsiku lachisanu ndi chimodzi. Anagwira mbale ija, naichotsa.

Nsengwa yomwe inali pansi ngati kachigumu inali itadzaza mphika mpaka m'milomo. Inali yofiira, yonyezimira, mitsempha yake ili tototo. Inkakwera n'kutsika, kukwera n'kutsika, ngati mimba ya munthu wogona atakhuta. Ndipo mumchombo, pansi pa khungu lake lopyapyala, magazi ankaoneka akuyenda. Ankachokera kwa mwana, kulowera mumphika.

Ndi chala anatapa choyera chija, naika palilime.

Unali ufa.

Masiku asanu onsewo, chinthucho sankachiumitsa. Ankachidyetsa.

Mtondo unagubuduka, chitseko chinatseguka. Scholastica anagwada pakhomo, akungoloza m'kati. Abiti Sidik analowa, nayang'ana mumphika kamodzi kokha.

"Bisimilahi," ananong'ona. "Baba, lowani. Za mwambo tikamba mawa. Wiritsani madzi. Lezala yatsopano muli nayo? Ndi mchere wa m'paketi, wosatsegula."

Elliam anathamanga. Madzi atawira, mayiyo anaviikamo lezala ndi ulusi, namanga mchombo malo awiri, mfundo zolimba. Mchombowo unkaterereka m'zala zake, ukudzipotokola ngati sukufuna. Atamaliza anapereka lezala kwa Scholastica.

"Dula wekha."

"Sindingathe, mayi. Dulani inu."

"Iyayi. Ndikadula ine, mwanayu akadzatsokomola chaka chamawa mudzati ndine. Ndiwe mayi wake. Dula pakati pa mfundozi."

Mumphika kunamvekanso kumeza kuja, tsopano mofulumira, ngati wakudya yemwe waona kuti akumulanda mbale. Mwana anagwedeza kamwendo kamodzi, nafooka.

Scholastica anadula.

Kudambo kunamveka kukuwa. Sikunali kukuwa kwa munthu woona njoka kapena wopondedwa minga. Kunali kwa munthu wolasidwa pamimba. Agalu onse pabwalo anadzambatuka n'kubalalika, michira ili pakati pa miyendo. Elliam anang'amba paketi ya mchere ndi mano, nakhuthulira wonse mumphika. Chinthucho chinachita thovu, chikufwinya ngati nkhono yothiridwa phulusa lamoto, ndipo kudambo kukuwa kunabwerezanso, motalika, mpaka amayi a pamjigo anasiya zigubu zawo.

Pamenepo mwana anakoka mpweya, nalira. Kulira kwake kunali kofooka, koma kunali kulira kwa mwana.

Amayi a pamjigo ndi omwe anayamba kuwaona. Mayi Chrissie ankabwera m'kanjira ka kudambo atawerama, akudzandira, manja onse awiri atagwira pamimba. Chitenje chinali chonyowa magazi kuyambira pamchombo mpaka m'mawondo. Duku linali litagwa. Tsitsi lomwe dzulo linali lakuda bii linali loyera ngati thonje, masaya atalowa, milomo itakwinyika. Wina anayamba Tikuoneni Maria, osamaliza.

Mayi Chrissie anaima pakati pa bwalo. Scholastica anatuluka pakhomo, mwana ali pachifuwa.

"Amayi?"

"Wandiduliranji?" Mawu anali a nkhalamba yotheratu. "Linatsala lero lokha. Lero lokha, mwana iwe."

"Amayi, ndi ana anga aja..."

"Ndinakulera ine. Unkadya thukuta langa. Sindinakupemphepo kanthu."

Mayi Chrissie anayang'ana nkhope za anthu omwe anali atazungulira bwalo, amayi omwe anaikanso makanda awo, amuna omwe anakumba timanda. Anabwerera chambuyo pang'onopang'ono, kenako anatembenuka n'kulowa m'tchire la kuseri kwa manda, akuthamanga mowerama, mwaliwiro kuposa mmene munthu wovulala angathamangire. Amuna awiri anati awatsate.

"Asiyeni!" anakuwa Abiti Sidik. "Wofunika ndi uyu. Baba, njinga! Mwanayu akufuna chipatala, osati milandu."

Elliam anapalasa ngati sanapalasepo, mkazi ndi mwana ali kumbuyo, mpaka pamsewu wa tala, pomwe minibasi inawatenga kupita ku Liwonde. Anamwino atamva kuti nsengwa inakhala masiku asanu ndi limodzi ili pamwana, anagwira pakamwa, nawakalipira onse awiri mpaka makutu kuwawa. Zina zija sanawauze. Mwana anagona sabata ziwiri akubayidwa jakisoni, ndipo anatuluka masaya atayamba kubwerera. Anamutcha Thandizo.

Tsiku lomwe anabwerera kumudzi, amayi analulutira koyamba m'zaka zitatu. Abiti Sidik anali pakhonde, wina atamuyalira mphasa, wina atamubweretsera thobwa. Palibe anapepesa ndi pakamwa, ndipo iye sanafunse. Anthu atabalalika, anakokera Scholastica pambali.

"Mphika uja sindinauwotche."

"Chifukwa?"

"Ndinautulutsa panja, ndinavundikira, ndinaika mwala pamwamba. Ndinangopita kukatola nkhuni apa. Pobwera, mwala uli pansi, mumphika muli mchere wokhawokha." Analoza pafumbi, cha kumanda. "Panali mkukuluzi, ngati pomwe padutsa chinthu chokwawa. Unkatsata madontho a magazi aja."

Mayi Chrissie sanaonekenso m'mudzimo. Koma mvula itagwa, ogulitsa tomato ochokera cha ku Phalula ankasimba za mayi wina wachifundo yemwe wangofika kumeneko, wothandiza kwambiri atsikana a pathupi poyamba. Akuti amamanga chitenje m'mwamba, pamwamba pa mimba, ndipo sasamba pomwe pali anzake. Akuti atangofika anali nkhalamba, koma mpweya wa kumeneko wamuyanja.

Elliam atamva zimenezo sanadye. M'mawa mwake anapopa matayala pokonzekera ulendo wa ku Phalula, Abiti Sidik anakwera pakaliyala, ndipo Scholastica anatuluka m'nyumba ndi paketi ya mchere. Asanaipereke anaiboola pakona, natapa pang'ono, n'kulawa.