Penti Wosamva Parafini

Lolemba, nthawi ili 6:40 m'mawa, mayi wosesa anapeza mtembo m'chipinda choyeseramo penti, kumapeto kwa fakitale. Malemuyo anali atagwa chafufumimba pakati pa zitini, mutu utaphwanyidwa ndi chitsulo chotakasira. Ndowa ya penti wobiriwira inali itagubuduzika, ndipo pasinki panali botolo la parafini losatseka. Malemuyo anzake ankamutcha Profesa. Buku lomwe ankalembamo kasakanizidwe ka penti wake watsopano, wogwira ngakhale pakhoma lonyowa, munalibe m'dilowa.

Wofufuza anafika 7:15. Anali mayi wa imvi, ndipo kupolisi ankamutcha Sindifulumira chifukwa cha khalidwe lake lomangoima n'kumayang'ana anzake akuthamanga. Dokotala anati imfa inachitika Lamlungu masana, fakitale ili yotseka. Loko wa khomo lakumbuyo sanathyoledwe.

Pofika 9 koloko, mwini fakitale anali pampando wofunsidwira, thukuta lili kamukamu.

"Lachisanu munakangana ndi Profesa. Anthu anamva," anatero Sindifulumira.

"Sindikana, mayi. Ankafuna dzina lake lilembedwe pachitini. Ndinamuuza kuti nzeru ndi zake, koma chipinda, mankhwala ndi magetsi ndi zanga. Zaka zitatu wakhala akutaya madiramu anga poyesa, malipiro ake osadumpha mwezi. Akanalephera, wolira ndikanakhala ine."

"Ndiye atapambana munaona kuti ntchito yake yatha?"

"Munthu angaphe ng'ombe yomwe yangoyamba kutulutsa mkaka?"

Akuluakulu apolisi anati bwanayo atsekeredwe basi, mlandu wadziwika. Anamutsekeradi, koma Sindifulumira anapempha masiku awiri oti afufuzebe. Botolo lija linkamusowetsa mtendere, choncho anabwerera kwa mayi wosesa uja.

"Kodi Profesa ankasamba m'manja ndi parafini?"

"Aaa, ayi ndithu! Penti wobiriwira watsopanoyu ukangomukhudzitsa parafini amakanirira pakhungu mwezi wathunthu. Tonse muno, ngakhale abwana, timachotsa ndi madzi amchere. Ine ndinaphunzira nditayenda milungu inayi ndi zala zonga za bilimankhwe."

Apa mpamene nkhani inatembenuka. Wakuphayo ankadziwa khomo lakumbuyo komanso pokhala parafini, ndipo anasamba monga asambira wapenti aliyense, koma penti uyu sankamudziwa. Anali munthu wakale pamalopo yemwe anachoka. M'kaundula wa antchito munali mmodzi yekha wotere: mlamu wake wa Profesa, amene anasiya ntchito zaka ziwiri zapitazo n'kukatsegula kashopu kake.

Lachiwiri masana Sindifulumira anapita kunyumba ya siwa. Mkazi wamasiye anamulandira maso ali psuu.

"Pakanapanda achimwene angawa, sindikudziwa," anatero akuloza bambo yemwe ankatsitsa mabenchi pagalimoto. "Bokosi, galimoto, zonse akuthamanga ndi iwo. Anali ngati mapasa ndi amuna anga."

Dzuwa linali loswa mtengo, koma bamboyo anali atavala magulovu. Atamaliza ntchito sanawavule, ngakhale popereka moni. Sindifulumira anamva chisoni, ndipo anadikira mpaka maliro ataikidwa.

Lachitatu, 10:20, m'chipinda chofunsira munali tebulo, mipando iwiri ndi beseni la madzi amchere.

"Vulani magulovuwo, bambo."

Anavula pang'onopang'ono. Zikhatho zonse zinali zobiriwira mpaka m'zikhadabo, khungu litasupuka ndi kukhula.

"Ndine wapenti, mayi. Manja anga amakhala chonchi."

"Ndadutsa kushopu kwanu. Muli zitini zisanu ndi zinayi, zonse za penti woyera. Sambani m'besenimo. Mukanasamba ndi madzi ngati amenewo Lamlungu, bwenzi lero muli kunyumba. Parafini ndiye wakuperekani."

Bamboyo anayang'ana besenilo kwa nthawi yaitali osalikhudza. Kenako mapewa ake anagwa.

"Ganizo la penti ameneyu tinaliyamba awiri, pakhonde panga. Tinagwirizana kuti ine nditsogole kutuluka ndikakonze malo, iye akamaliza kuyesa anditsatire. Ndinasiya ntchito, ndinagulitsa nyumba yomwe bambo anatisiyira, ana ndinawachotsa pasukulu yabwino. Zaka ziwiri ndakhala m'kashopu kaja kuthamangitsa ntchentche. Iye? Anamupatsa chipinda, yunifolomu yoyera, antchito anayi. Chitini chikakanika ankangotaya n'kutunga china m'diramu la eni ake. Ine changa chikakanika, kunyumba kunkagonedwa ndi njala."

"Lamlungu chinachitika n'chiyani?"

"Anandiitana yekha, ananditsegulira kumbuyo. Ndinkayesa kuti tsiku lija lakwana. Akuti, 'Alamu, penti watheka, koma ine sindituluka. Sindinabadwire kudzilemba ndekha ntchito. Muno ndimaganiza bwino chifukwa mwezi ukatha ndimadziwa chomwe ana adye.' Ndinati ndipatseni bukulo basi, inu khalani. Akuti buku ndi la kampani, anasainira kalekale. Kenako anandigwira paphewa." Bamboyo analoza phewa lake. "Akuti, 'Ndakulankhulirani kwa abwana. Bwererani, mudzikhala pansi pa ine.' Chitsulo chinali pomwepo, mayi. Sindikukumbuka kuchitola."

"Buku lili kuti?"

"Kushopu, pansi pa kauntala. Ndinalitsegula. Mankhwala ake onse ndi ofuna makina a m'fakitale muja. Ngakhale akanandipatsa ndi manja awiri, sindikanapanga nalo chitini n'chimodzi chomwe."

Sindifulumira analemba zonse, namupatsa cholembera kuti asaine. Chala cha bamboyo chinasiya pepala lili loyera. Pentiyo anali atagwiradi monga Profesa ankafunira. Mwini fakitale anali woti atulutsidwe isanakwane 12 koloko, ndipo buku linali loti lidzabwerera kwa iye mlandu ukatha, pachitini popanda dzina la aliyense wa awiriwo.

Bamboyo anakweza maso. "Mlongo wanga amuuza ndani?"

Wofufuzayo anatseka faelo. Pa zaka zake zonse za ntchito, funso limeneli ndi lomwe ankadana nalo kwambiri.

"Ali panja pabenchi kuyambira 8 koloko. Akuti apolisi talakwitsa munthu. Wakubweretserani jekete la malemu, akuti muno mumazizira."